Nyumba ya lendi ku Thyolo: zomwe mlendo amamva ndi zomwe amakapeza

Wochokera ku Limbe pa msewu wa M2 akangopitirira Bvumbwe n'kulowa m'minda ya tiyi, maso ake amakopeka ndi nyumba zikuluzikulu za makhonde aatali zomwe zili pa zitunda, m'kati mwa mitengo. Ambiri obwera kudzagwira ntchito m'boma la Thyolo, kaya ndi dokotala wochokera kunja, mphunzitsi wa pa yunivesite ya MUST ku Ndata, kapena wantchito wa bungwe lothandiza anthu, amafika ndi maganizo akuti nyumba zimenezi n'zambiri, zina zilibe anthu, choncho aliyense wa ndalama zake atha kupezapo imodzi ya lendi. Sitingawanene. Nyumbazo zilipodi, ndipo zina zimakhaladi zotseka kwa miyezi.

Zoona zake n'zakuti nyumba za m'maesiteti sizili pa msika. Makampani monga Satemwa, Conforzi, Makandi, Naming'omba, Nchima ndi Eastern Produce anazimangira mamanijala a minda, oyang'anira fakitale ndi akuluakulu ena a ntchito. Nyumba imabwera ndi ntchito, ndipo ntchito ikatha, makiyi amabwezedwa. Yotsekayo nthawi zambiri imakhala ikudikira manijala watsopano kapena amisiri oti aikonze. Kampani ikafuna kulowetsamo munthu wakunja kwa ntchito yake, ndi akuluakulu a kampaniyo amene amagamula, ndipo simudzaona chikwangwani pamsewu cholengeza zimenezo. Chomwe chimasocheretsa alendo ambiri ndi Huntingdon House ya pa Satemwa, nyumba ya banja la Maclean Kay yemwe anayambitsa esitetiyo mu 1923. Zithunzi zake zili ponseponse pa intaneti, koma lero ndi malo ogona alendo, olipira pa usiku. Ndi pokachezera, osati pokakhazikika zaka ziwiri.

Kumangiriza pokhala ku ntchito si chinthu chatsopano kuno, ndipo mlendo wodziwa mbiri yake amayenda mosamala. M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda pansi pa Harry Johnston linapereka zikalata za umwini wa malo aakulu kwa azungu m'dera la mapiri a Shire. Anthu okhala pa malowo, makamaka Alomwe omwe ankalowa kuchokera ku Mozambique, ankalipira pokhala pawo ndi thukuta: kugwira ntchito m'munda wa mzungu kuti asathamangitsidwe. Imeneyo ndiyo thangata, yomwe inadzetsa mkwiyo waukulu mpaka zipolowe za ku Thyolo mu 1953, ndipo inathetsedwa mwalamulo mu 1962. Lero wothyola tiyi amalandira malipiro, koma ngati akukhala m'nyumba ya kampani, tsiku lomwe ntchito yatha ndi tsiku lomwenso ayenera kuyamba kuganiza kopita ndi ana ake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino, ndipo ambiri a iwo amalima timinda tochepa m'mphepete mwa maesiteti. Mlendo wofunsa za nyumba adziwe kuti akukhudza nkhani ya malo, yomwe kwa anthu a ku Thyolo ndi bala losapola. Afunse mwaulemu, ndipo asadabwe akaona kuti ena akuyamba amuyeza asanamuyankhe.

Nanga nyumba za lendi zili kuti? Zili pa boma, ku Luchenza, ku Bvumbwe, ku Makwasa, ndi ku Goliati komwe ophunzira a MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, anakweza kufunika kwa zipinda. Chipatala cha Malamulo, pa mishoni ya Seventh-day Adventist yomwe inayamba mu 1902, chili ndi nyumba zake za antchito. Ena, poona kuchepa kwa nyumba zokhala ndi madzi ndi magetsi odalirika, amangosankha kukhala ku Limbe kapena ku Blantyre n'kumayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 40 m'mawa uliwonse. Apa m'pomwe chikhulupiriro china chimagwera pansi, chakuti kumudzi nyumba n'zotchipa. Chipinda chopanda magetsi n'chotchipadi. Koma nyumba ya mpanda, ya chimbudzi cham'kati, yomwe galimoto ingafike nyengo ya mvula, ndi yosowa, ndipo oifuna ndi ambiri.

Amene anakhalapo ku maiko ena amabwera atazolowera kufufuza nyumba pa foni. Ku Spain munthu amatsegula Idealista, amaona zithunzi ndi mitengo, n'kupangana tsiku lokaona. Lamulo la lendi la dzikolo, la 1994, limanena kuti chikole cha nyumba yokhalamo ndi ndalama ya mwezi umodzi, ndipo kuyambira 2023 ndalama ya ejenti imalipidwa ndi mwini nyumba. Ku Thyolo zinthu siziyenda choncho. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumapezeka nyumba zina, makamaka za ku Blantyre, koma nyumba yabwino ya pa boma imatengedwa isanajambulidwe n'komwe. Namwino akasamutsidwa, mnzake wa pa ntchito amakhala atauzidwa kale. Maejenti alipo, ena okhulupirika ndithu, ndipo amalipiritsa kandalama kokaonera nyumba. Chosayenera kuchita ndi kutumiza ndalama pa foni kwa munthu amene simunamuone, kulipirira nyumba yomwe simunalowemo, ngakhale atanena kuti pali wina akuifuna lero lomwe.

Pali chinthu chimodzi chomwe Thyolo imafanana ndi maiko olankhula Chisipanishi kuposa momwe alendo amaganizira. Ku Mexico, eni nyumba ambiri amafuna munthu wokuimira, wokhala ndi nyumba yakeyake mumzinda womwewo, yemwe angalipire ngati iwe walephera. Alendo a kumeneko amavutika nazo kwambiri, chifukwa wobwera dzulo angamudziwe ndani? Kuno palibe chikalata chotero, koma funso ndi lomwelo. Mayi mwini nyumba amafunsa kuti, “Bambo, mwabwera ndi ndani? Mukugwira kuti? Mumapemphera kuti?” Mlendo wina amamva ngati akumufufuza za m'nyumba mwake. Ayi, mayiwo akufuna kudziwa woti adzamufikire zinthu zikadzavuta. Ndalama za m'thumba siziyankha funso limenelo. Amene amaliyankha ndi kalaliki wa pa ofesi yanu, mkulu wa mpingo, kapena dalaivala wa kuntchito yemwe anabadwira komweko. Izi sizikhudza azungu okha. Mphunzitsi wochokera ku Karonga kapena wapolisi wochokera ku Mchinji nayenso ndi mlendo ku Thyolo, ndipo amafunsidwa zomwezo.

Ndimaona kuti alendo ambiri amalakwitsa poganiza kuti amene wawatsegulira chitseko ndiye mwini nyumba. Alomwe ndi Amang'anja a kuno amatsata mwambo wa chikamwini, ndipo pa malo a makolo nthaka imayenda ku mbali ya akazi. Bambo akhoza kukhala kuti ndiye anagula malata ndi simenti, koma malowo ndi a kwawo kwa mkazi wake, ndipo mwini mbumba ali ndi mawu. Banja likasokonekera kapena maliro akagwa, wa lendi amapezeka ali pakati pa anthu awiri, aliyense akuti ndalama izipita kwa iye. Palibe cholakwika kufunsa modekha kuti, “Amayi, nyumbayi ndi ya ndani, ndipo lendi ndizipereka kwa yani?” Ngati nyumba ili m'mudzi, kukaonekera kwa a mfumu si kutaya nthawi. Ndi a mfumu omwewo amene adzakhale pansi kumva nkhani ikadzabuka.

Ena amaopa kutchula za pangano lolemba, poganiza kuti anthu a kuno angaone ngati sakuwakhulupirira. Eni nyumba ambiri amalilandira ndi manja awiri, chifukwa nawonso anapsapo ndi anthu othawa usiku atasiya ngongole ya madzi. Pepala limodzi ndi lokwanira, bola linene lendi ya pa mwezi, nthawi yomwe ingakwezedwe, miyezi yodziwitsana munthu asanatuluke, ndi amene adzakonze denga likadontha. Pakhale mboni mbali zonse, ndipo malipiro alionse azikhala ndi risiti. Kulipiriratu miyezi itatu n'kofala m'Malawi muno, choncho mlendo asaone ngati amubera. Aonetsetsenso ngati mita ya ESCOM ndi ya mayunitsi komanso ngati ndi ya nyumba yake yokha, chifukwa mita yogawana ndi nyumba za kuseri imayambitsa mikangano yosatha. Madzi nawo afunse ngati ndi a Southern Region Water Board, a pa mjigo kapena a pa chitsime, ndi kuti amatuluka masiku angati pa sabata mu Okutobala.

Za madola ndiyenera kunenapo mosabisa. Mlendo wina amaganiza kuti akalonjeza kulipira m'madola, kapena akawonjezera pa mtengo womwe wauzidwa, ndiye kuti wachitira chifundo mwini nyumba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'zomveka kuti eni nyumba amalakalaka ndalama yosagwa. Koma Reserve Bank of Malawi yakhala ikuchenjeza za kuika mitengo ya zinthu za m'dziko muno m'ndalama zakunja, ndipo palinso vuto lina lomwe silioneka msanga. Nyumba imodzi ikakwera kawiri, zoyandikana nazo zimatsatira, ndipo amene amatulutsidwa ndi namwino wa pa chipatala cha boma ndi mphunzitsi wa ku sekondale, anthu omwe malipiro awo sanakwere mofanana. Kulipira mtengo wa pamalopo, pa nthawi yake, m'makwacha, n'kothandiza kwambiri kuposa kuwolowa manja kotere. Wofuna kuthandiza angakonze thanki ya madzi kapena chimbudzi, atagwirizana ndi mwini nyumba kuti ndalamayo ichotsedwa bwanji pa lendi. Wochokera kunja akumbukirenso kuti pangano la nyumba silimupatsa ufulu wokhala m'dziko. Chilolezo chogwira ntchito chimachokera ku ofesi ya Immigration, ndipo ndi bwino kuti kutalika kwa lendi kugwirizane ndi kutalika kwa chilolezocho.

Nyengo yomwe imakometsa tiyi ndi yomweyonso imayesa nyumba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimakuta zitunda masiku angapo, zovala osauma, makoma n'kuchita chuku kuseri kwa kabati. Mu Januwale ndi Febuluwale misewu ya fumbi yochoka pa tara imasanduka matope oterera. Nyumba yoonedwa mu Seputembala dzuwa likuwala imabisa zonsezi. Yang'anani madontho a madzi ku siling'i, gwirani khoma la kuchipinda, onani kumene madzi a pa phiri amadzera mvula ikagwa. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, anthu a m'maboma a kumwera anaona ndi maso zomwe madzi amachita pa nyumba zomangidwa m'munsi mwa malo otsetsereka. Funsani oyandikana nawo kuti chaka chimenecho madzi anafika pati.