Khansa ili pa lilime, nanga kung'amba khosi n'kwa chiyani?

"Adokotala, chilonda chili pa lilime. M'khosimo mukukafunamo chiyani?" Funsoli ndimalimva kawirikawiri ndikamafotokoza za opaleshoni ya khansa ya lilime, ndipo wofunsayo sakulakwa. Khosi silikumupweteka, silinatupe, sikani nayo sinaonetse kanthu, koma ine ndikupempha chilolezo choti ndiling'ambe.

M'khosi mwa munthu muli anabere ambirimbiri, aja timangowazindikira akatupa chifukwa cha zilonda zapakhosi kapena TB. Madzi a m'minofu ya lilime amadutsa mwa anaberewa asanabwerere m'magazi, ndipo iwo amagwira ntchito ngati sefa. Khansa ya lilime ikayamba kufalikira, imafikira pomwepo. Ikangofika imakhala yaing'ono zedi, moti zala za dokotala sizingaimve, ngakhale sikani ya CT imaiphonya. Mwa odwala amene chotupa chawo sichinapose masentimita 4, khosi likuoneka labwinobwino, 20 mpaka 30 pa 100 alionse amakhala kuti khansa yabisala kale m'khosimo.

Kwa zaka zambiri madokotala sankamvana. Ena ankati tichotse chotupa pa lilime, khosi tilisiye, tiziliyeza pafupipafupi, likadzatupa ndiye tidzalowemo. Anali ndi mfundo: pa makosi 10 ong'ambidwa, mwina 7 mulibe kanthu. Komanso opaleshoni yakale, imene inatchuka George Crile wa ku Cleveland atailemba mu 1906, inali yoopsa. Madokotala ankachotsa anabere limodzi ndi mnofu waukulu wa m'mbali mwa khosi, mtsempha waukulu wa magazi, ndi mtsempha woyendetsa phewa. Munthu ankachira, koma phewa litagwa.

Mkanganowu unatha ku Mumbai, m'dziko la India, kumene khansa ya m'kamwa ndi yochuluka chifukwa chotafuna fodya. Pachipatala cha Tata Memorial, gulu lotsogozedwa ndi Dr Anil D'Cruz linachita kafukufuku kuyambira 2004 mpaka 2014. Odwala ankagawidwa mwamaere: ena kuchotsedwa anabere tsiku lomwelo la opaleshoni ya m'kamwa, ena kudikira. Zotsatira za odwala 500 oyamba zinatuluka mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Patatha zaka 3, mwa ochotsedwa anabere, 80 pa 100 anali moyo. Mwa odikira, 67.5 pa 100. Kunena kwina, pa odwala 8 alionse ochitidwa opaleshoniyi, mmodzi amene akanamwalira anapulumuka imfa.

Chimene chimandikhudza pa kafukufukuyu ndi ichi. Odikira aja sanatayidwe ayi. Miyezi 6 yoyamba ankabwera kuchipatala mwezi ndi mwezi kudzayezedwa ndi akatswiri. Komabe ambiri mwa omwe khosi linatupa, khansa inali itakula kale, itaboola mwanabere n'kulowa m'minofu yoyandikana nayo. Ngati zinavuta kumeneko, nanga wodwala wathu wakumudzi, amene ndalama ya basi imadikira kuti agulitse soya kapena mtedza? "Tidikire tione" kwa iyeyu nthawi zambiri amatanthauza kubwera mochedwa.

Opaleshoni ya masiku ano si ija yakale. Timachotsa anabere ndi mafuta owazungulira pansi pa chibwano ndi chigawo cha pamwamba ndi cha pakati cha khosi, mbali imene kuli chotupa. Chikakhala chafika pakati pa lilime, timachita mbali zonse ziwiri. Mnofu, mtsempha wa magazi ndi wa phewa uja timazisiya. Timacheka motsatira mzere wa khungu kuti chipsera chisaonekere kwambiri, ndipo kapaipi kotulutsa madzi kamene timaika pabalapo kamachotsedwa pakapita masiku ochepa. Sindibisa zovuta: khutu ndi khosi zimatha kuchita dzanzi, phewa limatha kulimba mpaka kufuna mafizo, ndipo ena mlomo wam'munsi umapendekeka akamamwetulira. Kwa ambiri izi zimachepa pakapita miyezi.

Si aliyense amene timamung'amba khosi. Chimene timayang'ana kwambiri ndi kuzama kwa chotupa, osati kutambalala kwake kokha. Chikalowa m'lilime mamilimita 4 kapena kuposa, sindizengereza. Zipatala zina za ku Ulaya zimabaya mankhwala olondolera mwanabere woyamba, n'kuchotsa yekhayo kuti ayezedwe, koma njirayi imafuna zipangizo zapadera. Anabere ochotsedwa amapita kulabu, ndipo zotsatira zake zimathandiza kudziwa ngati wodwala akufunikanso chithandizo cha radiotherapy.

Zonsezi zimatheka wodwala akabwera msanga. Chilonda cha pa lilime chimene chatha milungu 3 osapola, makamaka kwa wosuta fodya, woika chingambwe m'kamwa kapena womwa kachasu, musachipake mankhwala kunyumba. Pitani kuchipatala, ndipo mupemphe kuti adulepo kachidutswa akakayeze.