AMPULIFAYA YAPSA: WOLAKWA NDI VENDA KAPENA ERIYO?

Inu ogulitsa zamagetsi zakaunjika mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe, mkangano uwu si wachilendo. Munthu wagula ampulifaya yowonjezera mphamvu ya wailesi yotumizira mauthenga, monga zija za ovaova. Sabata isanathe uyo watulukira, maso ali psuu, ati mwandigulitsa chakufa, bwezani ndalama zanga!

Chonsecho nthawi zambiri chigawenga chili padenga pa iye mwini: eriyo yokalamba.

Nkhani yake ili apa. Ampulifaya zoterezi anazipanga kuti zizikankhira mphamvu mu nthambo ndi eriyo za ma ohm 50. Tsono eriyo ikachita dzimbiri molumikizira, ikapindika ndi mphepo, kapena madzi a mvula akalowa mu nthambo ya coax, muyeso uja umasokonekera. Mphamvu ina m'malo mopita mumlengalenga imabwerera komwe yachokera, ma transistor nkutentha mpaka kupseratu.

Kamita kotchedwa SWR ndiko kamaulula zonsezi. Kakaloza pa 1.5, mawati 4 okha pa 100 aliwonse ndiwo akubwerera, palibe chodandaula. Pa 2 akubwerera 11. Kakafika pa 3 ndiye zavuta, ndi 25 amenewo. Tangoganizani ampulifaya ya mawati 400: mawati 100 athunthu akubwerera ngati ngongole! Zakale zija za mavavu zimapirirako, koma za ma transistor sizichedwa kugonja.

Ndiye musanalandire ndalama, yesani katunduyo wogula akuona. Amisiri amalumikiza kachipangizo kotchedwa dummy load ka ma ohm 50 m'malo mwa eriyo. Ikagwira bwino pamenepo, mlandu wachoka pa inu. Muuzeninso akafika kwawo ayambe wayeza eriyo ndi wailesi yokha, pamphamvu yochepa, ampulifaya ili yozima. Muyeso ukapitirira 2, akwere padenga apale dzimbiri, amange bwino molumikizira, ndipo nthambo yomwa madzi ataye basi. Kuiyanika padzuwa nkudzinamiza.

Ena amathamangira kugula tuner. Inde imathandiza, ampulifaya imaona ngati zonse zili bwino. Koma eriyo yowola sinachire ayi, mphamvu ikutayikabe mu nthambo. Ngati ndalama ya eriyo yatsopano palibe, bola kuchepetsa mphamvu ndi kulankhula mwachidule kuti makina azipuma.

Zina ndi za moyo, abale. Osakhudza eriyo wina akulankhula pawailesi, imawotcha. Ampulifaya zikuluzikulu za mavavu zimakhala ndi mavoti oposa 2,000 mkati, ndipo magetsiwo amatsalira ngakhale mutazula pulagi. Osatsegula ngati simmisiri. Ziphaliwali zikayamba, zulani nthambo ya eriyo.

Mumfunsenso wogulayo ngati ali ndi laisensi. Bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ndilo limapereka chilolezo chogwiritsa ntchito mafunde a wailesi m'dziko muno.