Kodi mkazi wankhondo wa m'mabuku a zithunzi amachokera kuti?

Anthu ambiri m'dziko muno akamva za nkhani yojambulidwa pamanja amaganiza za katuni ya m'nyuzipepala: timabokosi titatu kapena tinayi, nthabwala kumapeto, basi. Amene anakula akuwerenga Joza wa Vic Kasinja kapena Pewani wa Brian Hara amaudziwa bwino mtundu umenewu. Koma kunjaku kuli mabuku athunthu, ambiri a masamba oposa 100, amene nkhani yake imayenda m'zithunzi kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, ndipo salembedwera ana okha. Pachingerezi amawatcha graphic novel. Pakati pa mabuku otere pali gulu limene lakhala ndi owerenga okhulupirika kwa zaka zoposa 50, la nkhani za lupanga ndi matsenga, ndipo m'gulu limeneli muli funso limene olemba akhala akulimbana nalo: kodi mkazi amafika bwanji ponyamula chida cha nkhondo?

Mtundu wa nkhaniwu unayamba popanda zithunzi. Amene amatchulidwa kuti anauyambitsa ndi Robert E. Howard, wa m'katauni ka Cross Plains ku Texas, m'dziko la America. Mu Disembala 1932 iye anatulutsa nkhani yoyamba ya Conan m'magazini ya Weird Tales, ndipo anamwalira mu 1936 ali ndi zaka 30 zokha. Dzina loti sword and sorcery, kutanthauza lupanga ndi matsenga, linabwera mochedwa, mu 1961, kuchokera kwa mlembi wina, Fritz Leiber.

Chimene chimasiyanitsa nkhanizi ndi nthano zina za zodabwitsa n'chakuti mwininkhani sakhala mpulumutsi wa dziko lonse. Amamenyera moyo wake, chuma, ufulu wake kapena kubwezera chipongwe chimene anachitidwa. Zimene ali nazo ndi dzanja lamphamvu ndi kuchenjera. Matsenga kawirikawiri amakhala m'manja mwa mdani, ndipo sabwera ulere: aliyense wowagwiritsa ntchito amalipira, monga mmene kwathu kuno timanenera kuti mankhwala oopsa ali ndi chizimba chake. Mkazi analowa m'nkhanizi msanga ndithu. Mu Okutobala 1934 magazini yomwe ija inasindikiza nkhani yoyamba ya Jirel of Joiry, mkazi wolamulira linga lake ndi asilikali ake, yolembedwa ndi mayi wotchedwa C. L. Moore.

Komabe wotchuka kuposa onse ndi Red Sonja, ndipo mbiri ya chiyambi chake ndiyo ikusonyeza bwino pamene pagona vuto. Mu 1934 Howard anatulutsa nkhani yotchedwa The Shadow of the Vulture, yokhudza nkhondo ya mu 1529 pamene asilikali a ufumu wa Ottoman anazinga mzinda wa Vienna. M'nkhaniyo munali mkazi wa tsitsi lofiira, Red Sonya, womenya ndi lupanga komanso mfuti yaing'ono, wopanda matsenga alionse. Patapita zaka pafupifupi 40, mlembi Roy Thomas ndi wojambula Barry Windsor-Smith, a kukampani ya Marvel, anamutenga mkaziyu, kusintha chilembo chimodzi m'dzina lake, n'kumuika m'dziko lopeka la Conan. Anaonekera koyamba mu 1973, m'kabuku ka nambala 23 ka Conan the Barbarian.

Owerenga anamukonda, ndipo panafunika kufotokoza kumene anachokera. Yankho linabwera mu 1975, m'nkhani yotchedwa The Day of the Sword. Mtsikana wa kudera la Hyrkania akukhala mwamtendere ndi makolo ndi abale ake. Pakubwera asilikali aganyu, akupha banja lonse, mtsogoleri wawo akumugwirira, nyumba akuitentha. Ali m'chisoni chomwecho, mzimu wina wamphamvu ukumuonekera n'kumupatsa luso la lupanga losayerekezeka, koma ndi lamulo: asadzagone ndi mwamuna aliyense pokhapokha mwamunayo atamugonjetsa pomenyana mwachilungamo.

Tiliganizire bwino lamulo limeneli. Mtsikana amene moyo wake unasweka chifukwa chogonjetsedwa ndi mwamuna akuuzidwa kuti njira yokhayo yomufikira pachikondi n'kumugonjetsanso. Luso lake silinachokere m'thukuta lake, anachita kupatsidwa, ndipo mtengo wake ndi thupi lake lomwelo. Onjezerani chovala chimene ojambula monga Esteban Maroto ndi Frank Thorne anamutchukitsa nacho, tizitsulo tobisa pachifuwa ndi m'chiuno pokha, chovala chimene msilikali wanzeru sangapite nacho ngakhale kokatola nkhuni. N'zosadabwitsa kuti owerenga ambiri, makamaka amayi, ankamukonda munthuyo koma kudana ndi mbiri imene anamupachika.

Zinthu zinasintha mu 2013, pamene kampani ya Dynamite, imene inayamba kusindikiza mabuku ake mu 2005, inapereka ntchitoyi kwa mlembi wamkazi, Gail Simone, pamodzi ndi wojambula wa ku Brazil, Walter Geovani. M'buku lawo loyamba, Queen of Plagues, mudzi ukuwonongedwabe ndipo banja likuphedwabe, koma kugwiriridwa kuja kulibe, mzimu wopatsa luso kulibe, lumbiro kulibenso. Sonja ndi mwana wa mlenje. Zimene anaphunzira kwa bambo ake zotsata mapazi a nyama ndizo akugwiritsa ntchito posaka akupha aja m'nkhalango, mmodzimmodzi. Luso la lupanga akudzalinola pambuyo pake, ali kapolo wokakamizidwa kumenyana ndi akapolo anzake m'dzenje kuti mfumu isangalale. Nkhaniyo ndi yankhanzabe, koma mphamvu tsopano ndi zake.

Kusiyana kwa mbiri ziwirizi si nkhani ya makonda chabe. Conan safunsidwa chifukwa chake ali wankhondo: anabadwira pabwalo la nkhondo, mwana wa wosula zitsulo, nkhani yathera pomwepo. Mwamuna akanyamula lupanga owerenga amangovomereza. Mkazi akalinyamula, olemba ambiri amaona ngati ayenera kupepesa, ndipo chipepeso chawo chachidule chimakhala kumuvulaza kaye. Ndi ulesi wa kalembedwe, ndipo umaphunzitsa wowerenga wamng'ono kuti kulimba mtima kwa mkazi ndi chipsera, osati khalidwe.

Olemba a chiyambi cha ku Africa anapeza njira ina chifukwa mbiri yeniyeni inawapatsa poyambira. Charles R. Saunders, wobadwira ku America amene anakhala zaka zambiri ku Canada mpaka imfa yake mu 2020, anatulutsa mu 1979 nkhani yoyamba ya Dossouye. Anamutengera pa asilikali aakazi a ufumu wa Dahomey, m'dziko limene lero ndi Benin, amene anamenyana ndi Afalansa mu 1890 ndi 1892, omwe aja ambiri anawadziwira m'filimu ya The Woman King ya mu 2022. Kumeneko usilikali wa mkazi sunali ngozi, inali ntchito ya boma.

Chitsanzo chapafupi ndi buku la zithunzi ndi Malika: Warrior Queen, la Roye Okupe wa ku Lagos ku Nigeria, limene gawo lake loyamba linatuluka mu 2017 pansi pa kampani yake ya YouNeek Studios. Malika ndi mfumukazi komanso mkulu wa asilikali a ufumu wopeka wa Azzaz, kumadzulo kwa Africa, m'zaka za m'ma 1400. Ufumu anaulandira kuchokera kwa bambo ake, koma m'njira imene inagawa dziko, ndipo nkhondo yake ndi yosunga umodzi pakati pa mafumu aang'ono osakhutira, mkangano wa pachibale ndi gulu lankhondo lochokera ku China. Zinjoka ndi zida zamatsenga zilimo, koma muzu wake ndi Amina wa ku Zazzau, kumene lero kuli mzinda wa Zaria, mfumukazi imene anthu a mtundu wa Hausa amaikumbukira ndi malinga a dothi otchedwa ndi dzina lake. Okupe anasonkhanitsa ndalama za mabuku ake oyamba kwa owerenga kudzera pa Kickstarter, ndipo mu 2021 kampani yaikulu ya Dark Horse inayamba kuwasindikizanso.

Wowerenga wa ku Mzuzu sayenera kuyang'ana kutali chomwecho. Mu Novembala 1835, Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi chapafupi ndi Zumbo, ndipo tsiku limenelo kadamsana anaphimba dzuwa, chifukwa chake akatswiri a mbiri amatha kulitchula molondola. Wojambula aliyense angasirire tsamba lotero: khamu la anthu ndi ng'ombe pagombe, usana ukusanduka usiku. Koma si onse anawoloka. Kummwera kunatsala gulu lotsogozedwa ndi mkazi, Nyamazana, amene mbiri yapakamwa imati anali wachibale wa Zwangendaba. Mbiri ya ku Zimbabwe imamutchula kuti ndiye anagonjetsa ufumu wa Rozvi ku Manyanga, kumene mfumu yawo, Chirisamhuru, inaphedwa. Pambuyo pake anakwatiwa ndi Mzilikazi, mfumu ya Andebele, ndipo anthu ake analowa mu mtundu umenewo.

Nayu mkazi amene anatsogolera nkhondo osati chifukwa cha mzimu womumvera chisoni, koma chifukwa cha magazi achifumu, ulendo wautali wothawa chipwirikiti cha kummwera, ndi kumvera kwa amuna onyamula mikondo amene anaona kuti angathe. Buku lofotokoza chiyambi chake lingakhale lopeka m'malo ambiri, monganso la Malika, ndipo liyenera kudzitchula choncho poyera. Zomangira zilipo. Abusa Yesaya Chibambo a ku Ekwendeni analemba mbiri ya ulendo wa Angoni, imene inatuluka m'Chingerezi mu 1942 pa mutu woti My Ngoni of Nyasaland. Margaret Read, m'buku lake la mu 1956, The Ngoni of Nyasaland, anafotokoza za udindo wa amayi akuluakulu a kubanja lachifumu. Nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Mzuzu ili ndi zipangizo za mitundu ya kumpoto, ndipo mwambo wa Umthetho, umene umachitika mu Ogasiti patsinde pa phiri la Hora ku Mzimba, umaonetsa mavalidwe ndi mayendedwe a ingoma kwa aliyense wobwera ndi pensulo. Chida chokha ndicho chingasinthe: kuno si lupanga, koma mkondo waufupi wobayira, chibonga ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe.

Pali zovuta ziwiri zimene wolemba wa kuno sangazizembe. Choyamba n'chakuti ngwazi ya mtundu wina ndi chilombo kwa mtundu wina. Kwa mbadwa za Rozvi, Nyamazana ndi wophwasula. Ndipo phiri lomwelo la Hora ndi pamene Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anazingidwa n'kuphedwa ochuluka cha m'ma 1880, ataukira ulamuliro wa Angoni. Ku Mzuzu, kumene Mtumbuka, Mtonga, Mngoni ndi Mngonde amakwera minibasi imodzi kuchokera ku Luwinga kupita m'tauni, buku longotamanda mkondo lingapweteke ena mwa owerenga ake omwe. Mwayi wake ndi wakuti nkhani za lupanga ndi matsenga sizifuna mwininkhani woyera mtima. Conan ndi mbala komanso msilikali waganyu. Mtundu umenewu uli ndi malo a munthu wolimba mtima amene manja ake ali ndi magazi a osalakwa, ndipo wojambula angathe kutembenuza tsamba n'kutionetsa mudzi umene ukutenthedwawo kuchokera m'kati mwake.

Chovuta chachiwiri n'chachikulu koposa. Kwa wowerenga wa ku New York, mfiti ndi chokometsera nthano. Kwathu kuno mawu amenewa amaphetsa anthu. Mu Januwale 2016, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu m'boma la Neno powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana, ndipo nkhani zotere sizinathe m'manyuzipepala. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, limaletsanso kumwetsa mwavi, koma silinathetse mantha m'mitima. Buku la zithunzi lili ndi mphamvu imene nkhani ya mawu okha ilibe, chifukwa limapereka nkhope. Wojambula akapereka kwa mfiti nkhope ya gogo wamakwinya, wa maso ofiira ndi utsi wa pamafuwa, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, ndiye kuti wajambula munthu weniweni amene ana a m'mudzimo amamudziwa dzina.

Apa mwambo wa nkhanizi ungathandize kuposa mmene ambiri angaganizire. M'nkhani za Howard, wamatsenga kawirikawiri si nkhalamba yosauka. Ndi munthu wa udindo: wansembe wamkulu, mlangizi wa mfumu, mwini chuma. M'nkhani ya The Tower of the Elephant ya mu 1933, wamatsenga Yara amakhala m'nsanja yodzaza ndi miyala ya mtengo wapatali, mfumu imene imamuopa, ndipo mphamvu zake zonse akuzifinya kwa mkaidi amene anamuchititsa khungu n'kumutsekera m'chipinda chapamwamba. Conan analowa m'nsanjamo kudzaba, koma atamva mbiri ya mkaidiyo anamuthandiza kubwezera, n'kutulukamo chimanjamanja.