DIPLOMA YA IB: ZIMENE MWANA AYENERA KUKWANITSA

Makolo ambiri m'midzi mwathu adziwa bwino za mayeso a Grade 12 amene amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia. Koma alipo mayeso ena a sukulu ya sekondale ochedwa International Baccalaureate, mwacidule IB, amene satifiketi yake imalandiridwa ndi mayunivesite a m'maiko ambiri. Bungwe la mayesowa linakhazikitsidwa mu 1968 mu mzinda wa Geneva ku Switzerland, pofuna kuthandiza ana amene makolo awo anali kusamuka dziko ndi dziko cifukwa ca nchito.

Maphunziro a diploma imeneyi amatenga zaka ziwiri ndipo ndi a acinyamata a zaka 16 mpaka 19. Wophunzira amasankha maphunziro 6: cinenero cimene adziwa bwino pamodzi ndi mabuku ake, cinenero caciwiri, phunziro la za anthu monga mbiri yakale kapena zacuma, sayansi, masamu, ndi luso monga nyimbo kapena zojambula. Amene safuna za luso amaloledwa kutenga sayansi yaciwiri kapena cinenero cina. Maphunziro atatu amatengedwa mozama, lililonse maola 240, pamene atatu otsalawo ndi a maola 150. Motero mwana wokonda sayansi sangathawe mabuku, ndipo wokonda mabuku sangathawe masamu.

NCHITO ZITATU ZAPADERA

Kuwonjezera pa izi, pali nchito zitatu zimene aliyense ayenera kucita. Yoyamba ndi kufufuza yekha nkhani imene wasankha ndi kulemba cimangirizo ca mau osapitirira 4,000. Yaciwiri ndi phunziro lochedwa Theory of Knowledge, limene limaphunzitsa mwana kufunsa kuti cimene anthu amati ndi coona anacidziwa bwanji. Yacitatu imachedwa CAS, ndiyo nchito za luso, masewera olimbitsa thupi ndi kutumikira anthu popanda malipiro kwa miyezi 18. Nchito ya CAS ilibe mapointsi, komabe amene sanaitsirize sapatsidwa diploma ngakhale atakhoza bwino mayeso onse.

Phunziro lililonse limapatsidwa mapointsi kuyambira 1 mpaka 7. Apa makolo acenjere, pakuti pa Grade 12 nambala 1 ndiyo yapamwamba, pamene pa IB yapamwamba ndi 7. Maphunziro 6 aja amabala mapointsi 42, ndipo cimangirizo pamodzi ndi Theory of Knowledge zimawonjezera 3, onse pamodzi 45.

Kuti mwana alandire diploma afunika mapointsi osacepera 24, ndipo 12 mwa iwo acokere ku maphunziro atatu ozama aja. Akapeza 1 pa phunziro lililonse, kapena akapeza 2 pa maphunziro oposa awiri, diploma yamuphonya. Cimodzimodzinso amene wapatsidwa E pa cimangirizo kapena wagwidwa akukopera nchito ya mnzake. Mayeso amalembedwa mu May kapena mu November, koma gawo lina la mapointsi limacokera ku nchito ya m'kalasi imene aphunzitsi amaconga ndipo bungwe limaiwunikanso.

MWAI KWA MWANA WA KUMUDZI

Muno m'Zambia maphunzirowa amapezeka pa sukulu zowerengeka zolipira, monga International School of Lusaka ndi American International School of Lusaka, ndipo ndalama zake mlimi wamba sangazikwanitse. Komabe khomo silinatsekeke kotheratu. Sukulu za United World Colleges, monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini imene inatsegulidwa mu 1963, zimasankha ana kupyolera m'makomiti a m'maiko awo ndipo zimathandiza ena a iwo ndi ndalama za sukulu. Mwana wakhama wa ku Katete, Lundazi kapena Petauke angapemphe aphunzitsi ake kuti amufunsire za njira imeneyi.

Pomaliza, sukulu siyingaphunzitse diploma ya IB popanda cilolezo ca bungwe lake, ndipo si sukulu iliyonse yolembedwa kuti "international" pa cipata imene ili naco. Kholo lisanagulitse ng'ombe kapena matumba a cimanga, liyambe lafunsa kuti lione cilolezoco. Akulu anati safunsa anadya phula.