Shuga Wodza ndi Pakati

Pamudzi pakabadwa khanda lojintcha, lija azamba akaliika pasikelo lipitirira makilogalamu 4, ntchembere zimaimba nthungululu, apongozi nayamikira mtengwa wawo kuti anadziwa kudya. Ndipo ine sindifuna kunyoza chimwemwe chotere, pakuti mwana ndi mphatso ya Chauta. Komatu makolo omwewo anatisiyira mawu akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nthawi zina kunenepa kumene tikululutirako kumakhala umboni wakuti mayi anayenda miyezi ingapo ndi nthenda ya shuga imene palibe anaiona.

Nsima imene tidya imasanduka shuga m'magazi, ndipo kapamba amatulutsa insulini, imene ntchito yake ndi kulowetsa shugayo m'minofu kuti atipatse mphamvu. Pakati pakamakula, nsapo imatulutsa mahomoni ofooketsa insulini, kuti shuga wina atsale m'magazi nafike kwa mwana. Awa ndi makonzedwe a Namalenga, ndipo kapamba wa amayi ambiri amangowonjezera ntchito, zonse niziyenda bwino. Koma alipo ena amene kapamba wawo amalephera mtolo umenewu, kotero kuti shuga amasefukira, nawoloka nsapo, pamene insulini ya mayi siwoloka. Mwanayo, poona chakudya chomuchulukira, amapanga insulini yakeyake nasunga mafuta m'mapewa ndi pamimba. Tsiku lochira likafika, mutu ungathe kutuluka mapewa n'kukanirira, mwinanso pafunike opaleshoni. Ndipo mchombo ukadulidwa, shuga wa mayi ataleka kufika koma insulini ya khanda ikadali yambiri, khandalo likhoza kulefuka, kunjenjemera, ngakhale kulephera kuyamwa. Mayi nayenso amakhala pachiopsezo cha kuthamanga kwa magazi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti nthendayi imayenda mwakachetechete. Ludzu, kutopa, kutuluka usiku kukataya madzi kangapo: ndi mayi uti wapakati amene sazidziwa zimenezi? Ambiri samva kanthu konse. Kuyeza mkodzo nakonso n'kosadalirika, chifukwa impso za mayi woyembekezera zimatha kutaya shuga pang'ono ngakhale iye ali bwinobwino. Magazi okha ndiwo anena zoona.

Kuyezako kumachitika pakati pa sabata ya 24 ndi ya 28 ya mimba. Mayi amagona osadya kanthu maola 8 kapena kuposerapo, nalawirira kuchipatala, kumene amamutenga magazi, nam'patsa madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga. Ndipo atamwa, ngakhale akhale otsekemera mochititsa nseru, amakhala pansi osadya, osayendayenda, kufikira atamutenganso magazi patatha ola limodzi, ndiponso patatha maola awiri. M'chaka cha 2013 bungwe la World Health Organization linaika malire ake motere: 5.1 mmol/L asanamwe, 10.0 patatha ola limodzi, 8.5 patatha maola awiri. Muyeso umodzi wokha ukafika pamenepo, nthenda yapezeka. Malirewa anachokera pa kafukufuku wa amayi oposa 23,000 m'mayiko 9, amene anasindikizidwa mu 2008, naonetsa kuti shuga wa mayi akamakwera, ngakhale pang'ono pokha, ngozi ya khanda imakwera naye limodzi.

Si sikelo iliyonse m'dziko muno imene ili ndi zipangizo zoyezera motere, ndipo safunsa anadya phula. Chotero mayi amene anaberekapo mwana woposa makilogalamu 4, kapena anapita padera mimba itakula popanda chifukwa chodziwika, amene makolo kapena abale ake ali ndi shuga, wathupi lalikulu, kapena wopitirira zaka 35, asachite manyazi kuuza anamwino zonsezi pa ulendo wake woyamba, napempha kuti, ngati kuli kotheka, amutumize kuchipatala cha boma lake kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mayi akapezeka ndi nthendayi, asadzimane chakudya. Ndinena izi motsindika, chifukwa ena akamva kuti mwana akukula kwambiri amayamba kugona ndi njala, osadziwa kuti njala nayo ivulaza onse awiri. Chofunika ndi kusintha mbale: mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera, mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chake m'malo mwa itatu, ndiwo zichuluke kuposa nsima, kaya ndi bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, nyemba, nandolo, usipa kapena mazira, adye pang'onopang'ono kangapo patsiku, osati kamodzi kokhuta mpaka kukhosi. Zakumwa za m'mabotolo, thobwa lothira shuga, mzimbe, mandasi ndi tiyi wa masupuni atatu zidikire kaye, ndipo nyengo ya mango adye limodzi, osati dengu. Kuyenda ndawala pang'ono atatha kudya kumatsitsa shuga. Apa bambo wa mwanayo ndi apongozi ali ndi gawo lawo, popeza mayi sangadye mgaiwa mwamtendere pakhomo pamene ena akuunena kuti ndi chakudya cha amphawi.

Amayi ambiri shuga wawo amatsika ndi zimenezi zokha. Akakana kutsika patatha sabata imodzi kapena ziwiri, adokotala amapereka mapiritsi a metformin kapena jakisoni wa insulini, imene inatulukiridwa ku Toronto mu 1921. Jakisoniyo sachita kanthu kwa mwana, ndiponso sasonyeza kuti mayi walephera kudzisamala. Mayi wotere achirire kuchipatala, ndipo khanda liikidwe kubere msangamsanga, lisanathe ola, kuti shuga wake asagwe.

Nsapo ikatuluka, kwa ambiri shuga amabwerera m'malo mwake, ndipo apa ndi pamene ambiri amaiwala zonse, maso ali pakhanda. Koma mayi amene anadwalapo shuga wa pakati amakhala pafupi kudzadwala shuga wokhalitsa m'zaka zam'tsogolo, ndiponso nthendayi imakonda kubwerera pa mimba yotsatira. Ayenera kuyezetsanso pakati pa masabata 6 ndi 12 atachira, kenaka chaka ndi chaka. Sabata ya 6 ndiyo yomwe khanda limapita kukalandira katemera, ndipo tsiku limenelo, pobereka mwana ndi kutenga buku lake lakusikelo, mayi atengenso buku lake lomwe, asadye m'mawa, nakapemphe kuti amuyeze magazi.