Mpunga ukafika pa guwa

Kalendala ya mpingo wa Angilikani inakonzedwera kudziko kumene Khrisimasi imagwa m'chisanu ndipo Pasaka imafika mitengo ikuphukira. Amishoni a UMCA, amene anayambira ku Magomero mu 1861 nakhazikika pa Likoma mu 1885, anabwera nayo momwemo. Masiku ake sanasunthe, koma anagwera pa nyengo zathu. M'maparishi a kumidzi ya ku Nkhotakota, Khrisimasi imapeza anthu matope ali m'miyendo, akuwokera mpunga kudambo. Lenti imayamba mu Febuluwale kapena Malichi, nkhokwe zitapepuka. Wansembe akamalalikira za kusala kudya pa Lachitatu la Phulusa, ena mwa omvera amakhala atayamba kale kudya kamodzi patsiku popanda wowalamula. Wansembe wodziwa nkhosa zake sakhalitsa pa nkhani ya nsima tsiku limenelo.

Pali mwambo umodzi umene unakana kutsata tsiku la kwawo kwa amishoni, ndiwo wa masika. Ku England anthu amati unayamba mu 1843, pamene wansembe Robert Hawker anaitana anthu a ku Morwenstow kuti adzathokoze Mulungu chifukwa cha zokolola, ndipo kumeneko umachitika mu Seputembala kapena Okutobala. Kuno mu Okutobala dzuwa limakhala likuswa mtengo, mpunga wambiri utapita kale ndi mavenda. N'chifukwa chake akuluakulu a parishi amasankha okha Lamulungu lawo, mpunga utamwetedwa ndi kupunthidwa, mphepo ya mwera ikuwomba panyanja.

Kukonzekera kumayambira m'milaga. Mlaga ndi kagulu ka mabanja oyandikana amene amapemphera pamodzi pakati pa sabata, kuyendera odwala ndi kugwirana manja pa maliro. Parishi yakumudzi imakhala ndi matchalitchi angapo, wansembe ali mmodzi, ndipo tchalitchi lakutali limatha masabata osamuona. Amene amasunga mpingo masiku amenewo ndi katekisiti, akuluampingo ndi amayi a Mothers' Union. Iwowa ndiwo amalowa khomo ndi khomo kukumbutsa kuti tsiku layandikira. Loweruka lake atsikana amasesa bwalo, anyamata amadula nthochi ndi nzimbe zokongoletsera pakhomo la tchalitchi, kwaya imayeseza mpaka mdima.

Misa imayamba monga mwa masiku onse akulu, mtanda patsogolo, otumikira pa guwa atavala zoyera, fungo la lubani lili thoo. Chikondi cha lubani, mabelu ndi kugwada chinachokera kwa amishoni aja, ndipo mlendo wochokera ku mpingo wina amatha kuganiza kuti walowa kwa Akatolika. Zinthu zimasintha nthawi ya chopereka ikakwana. Mlembi amaitana mlaga ndi mlaga, ndipo oitanidwawo amatuluka kaye panja kukasenza katundu wawo, kenako n'kulowa akuvina, ng'oma ndi visekese zili pambuyo. Amayi a bulauzi yoyera ndi siketi yabuluu amatsogola, malichero a mpunga ali pamutu osagwirira. Pambuyo pawo pamabwera makaka a chinangwa, mbatata, mikoko ya nthochi, nkhuku yomangidwa miyendo imene sichedwa kulira pakati pa pemphero. Abambo awiri amathandizana thumba la makilogalamu 50, thukuta lili kamukamu, nthungululu zikuwaperekeza. Msodzi alibe munda woti n'kuutchula, ndiye amabwera ndi beseni la usipa wouma, ngakhale kuti m'miyezi ya mwera bwato limatha masiku lili pamtunda. Wansembe amawaza madzi odalitsa pa mulu wonsewo, ndipo pofika nthawi ya Ukaristia njira yopitira ku guwa imakhala itachepa.

Misa ikatha anthu sabalalika. Katundu amawerengedwa poyera ndi kulembedwa m'kaundula. Wina amapita kunyumba ya wansembe, amene khomo lake silisowa alendo; wina amapatulidwira nkhalamba, odwala ndi ana amasiye; wotsala amagulitsidwa pompo, ndalama zake n'kuthandiza pa zosowa za parishi ndi gawo limene parishi imapereka ku dayosizi ya Lake Malawi. Malonda ake ndi osangalatsa. Munthu amatha kugula tambala amene wabwera naye yekha, pa mtengo woposa wa kumsika, anzake akumuwombera m'manja.

Masiku ano pa mulu wa mpunga pawonjezeka maenivelopu. Ana a m'mudzi amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg amatumiza zawo pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo maina awo amatchulidwa. Palibe cholakwika pamenepo, pakuti malata sagulidwa ndi mbatata. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mpikisano wa milaga ukapitirira muyeso. Mlembi akamalengeza kuti mlaga wakuti wapambana, wakuti watsalira, mayi wamasiye amene munda wake unakokoloka ndi madzi amachita manyazi ndi mbale yake imodzi ya mpunga, ndipo chaka chinacho amangokhala kunyumba n'kunena kuti mutu ukumupweteka. Milaga ina inapeza nzeru: amathira zopereka zonse m'matumba amodzi Loweruka madzulo, kuti polowa m'tchalitchi pasadziwike wa mbale ndi wa thumba, ndipo aliyense amapatsidwa choti asenze. Ndikanakonda nzeru imeneyi itafala, chifukwa tsiku la masika ndi lokhalo pa chaka limene mlimi wosagwira ndalama amafika pa guwa ndi chinthu chochokera m'manja mwake.

Masika akadutsa, chilimwe chimadzaza ndi ntchito. Ndi nyengo ya maukwati, chifukwa chakudya chilipo ndipo misewu ndi youma. Ndi nyengo yomanga ziliza, ndiponso nthawi yabwino yoti bishopu afike kudzasanjika manja ana amene akhala akuphunzira katekisimu. Ku Nkhotakota kumene Akhristu ndi Asilamu amachokera m'mabanja amodzimodzi, pa ukwati kapena pa maliro amene akusonkhezera moto pansi pa mphika safunsidwa kumene amapemphera. Mbuzi amangoipereka kwa Msilamu kuti azinge, onse adye momasuka.

Ntchito yaikulu ya m'chilimwemo ndi ya njerwa. Milaga imagawana masiku, abambo kuponda dothi ndi kuumba, amayi kutunga madzi, achinyamata kututa nkhuni. Uvuni uyenera kuotchedwa mvula isanagwe, apo ayi thukuta la miyezi iwiri lisanduka matope. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira mizimu ya omwalira, maina a amene anatsogola amawerengedwa pa Misa, ndipo ambiri potuluka m'tchalitchi amangosintha zovala n'kutenga khasu, pakuti mitambo imakhala itayamba kusonkhana ndipo mizere ina ikadali yosaunga.