Pamene Kabotolo Kanamiza Makina Opima Magazi

Munthu angapimitse magazi asanacitidwe opaleshoni, ndipo zotulukapo zibwera zoopsa: mapulateleti 30,000 cabe. Komatu iye sadwala kamfuno, nkhama zake sizikha magazi, ndipo pakhungu palibe timadontho tofiira. Nthawi zina vuto silikhala m'thupi mwake ai, koma m'kabotolo momwe anathiramo magaziwo.

Mapulateleti ndi tizidutswa ta m'magazi timene timagwirana ndi kutseka bala. Munthu wathanzi amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho ka muyeso wa microlitre imodzi.

Kuti magazi asaundane asanafike ku labu, amawathira m'kabotolo ka citsekero ca pepo, momwe muli mankhwala ochedwa EDTA. Mankhwalawa amamanga kasiyamu wa m'magazi, ndipo potero amasintha pang'ono khungu la mapulateleti. Kwa anthu ambiri izi sizibvuta konse. Koma pafupifupi munthu mmodzi mwa 1,000 ali ndi asilikali a m'magazi amene amakakamira pa malo osinthikawo, ndipo mapulateleti amaunjikana m'timagulu. Makina amawerenga tinthu molingana ndi kukula kwake, motero gulu lalikulu salizindikira. Mwina amaliyesa selo loyera. Nambala imatsika, makamaka kabotolo kakakhalitsa ndi kuzizira. Madotolo amacha zimenezi pseudothrombocytopenia, ndiko kuti kucepa kwa mapulateleti kwabodza. Si matenda, ndipo m'thupi momwe mulibe EDTA sizicitika.

Coipa ncakuti zikapanda kudziwika, opaleshoni imaimitsidwa, wodwala amapatsidwa mapulateleti kapena mankhwala a steroid pacabe, ndipo banja limayamba kuopa khansa ya m'magazi.

Kudziwa zoona sikufuna ndalama zambiri. Wa mu labu amapaka kadontho pa galasi ndi kuyang'ana pa maikulosikopu. Timagulu tija timaonekeratu. Kenaka amatenganso magazi ena m'kabotolo ka citsekero ca buluu, ka citrate, ndi kuwerenga msanga. Popeza citrate ndi wamadzi ndipo amasungunula magazi pang'ono, nambala imaculukitsidwa ndi 1.1.

Koma pasakhale kunyozera. Malungo ndi HIV zimacepetsadi mapulateleti, ndipo amene akukha magazi afunika kuonedwa ndi dotolo tsiku lomwelo. Amene anapezeka kale ndi kucepa kwabodzaku apemphe kuti zilembedwe pa khadi lake la kucipatala, ndipo aziuza anamwino nthawi zonse asanamtenge magazi.